Khola la Zidole

Usiku umenewo magetsi anathima tisanadye n'komwe, ndipo pofika pakati pa usiku anali asanayake. Ndinadzuka ndi ludzu. Tochi sindinaifune, poti nyumba ndi yanga ndipo njira ya kukhitchini miyendo imaidziwa yokha. Ndinayenda bwinobwino mpaka pakati pa balaza, pamene phazi lamanzere linatera pa kanthu kolimba ka ngodya zakuthwa. Ululu wake unakwera ndi mwendo mpaka kumsana. Ndinadzigwira pakamwa kuti mawu amene anali atafika kale palilime asamveke kwa amayi anga, amene anagona m'chipinda cha alendo. Kutacha ndinakapeza kachigawengako: kanjerwa kofiira kapulasitiki, kamodzi mwa tija ana amalumikizalumikiza n'kumanga nyumba. Mwini wake, mnyamata wanga wa zaka ziwiri ndi theka, anali phee pamkeka akumwa phala, mlandu osaudziwa.

Amayi anali atabwera kuchokera kwathu ku Ntcheu kudzaonetsa maso kuchipatala. Diso limodzi linali lomatidwa ndi thonje, koma linalo linaona kutsimphina kwanga. Nditawafotokozera anaseka mpaka kutsokomola. "Nkhuyu zodya mwana zimapota wamkulu," anatero. Kwathu mwambi umenewu umamveka pabwalo la milandu, mbuzi zimene mwana ankadyetsa zikalowa m'munda mwa eni ake, wolipira n'kukhala kholo. Sindinkadziwa kuti tsiku lina nkhuyuzo zidzandipota kuphazi.

Ndinamuitana mnyamatayo n'kumulozera pabalaza ponse. Panali magalimoto, njovu yothothoka khutu limodzi, zitsekerero za mabotolo, foni yabodza yoimba nyimbo imodzimodzi, ndi tinjerwa tija tili mbwee mpaka pansi pa mipando. "Tolera zonsezi. Ndikufuna pano payere." Anandiyang'ana, anayang'ana pansi, anatola galimoto imodzi, n'kukhala pansi kuyamba kuiyendetsa. Ndinakweza mawu. Milomo yake inayamba kunjenjemera, kenako kulira kwenikweni, ndipo mayi ake anasuzumira kuchokera kukhitchini ndi nkhope yofunsa. Pofuna kudziteteza ndinathawira kwa makolo akale. "Musamunyengerere," ndinatero. "Kuwongola mtengo mpoyamba."

Amayi anadikira kuti mwana atonthole pamiyendo pawo. Kenako, osandiyang'ana, anafunsa: "Kodi inu munawongolapo mtengo?"

Ndinawongolapo, ndipo iwo ankadziwa. Malemu bambo anga ankadzala mapeyala ndi malalanje kuseri kwa nyumba, ndipo ntchito yosamalira mbande inali yanga ndi mkulu wanga. Kamtengo kakapendekeka ndi mphepo ya mwera, sitinkakagwira n'kukakankha kuti kaime chilili tsiku lomwelo. Ukatero kamathyoka, apo ayi mizu imazuka mbali imodzi. Tinkadula kamtengo kena kouma, kowongoka, n'kukakhoma pambali pake, kenako n'kumanga ziwirizo ndi luzi. Luzilo silinkayenera kuthina. Bambo ankapisa chala pakati kuti aone ngati pali mpata, chifukwa mtengo ukamanenepa luzi lothina limadya khungwa n'kusiya chipsera chimene sichitha. Ukamanga, umapita. Umabweranso mwezi wamawa kudzamasula pang'ono, n'kukweza mfundo. Dzinja limodzi, nthawi zina awiri. Pa ntchito yonseyi palibe pamene pamafunika mphamvu ya mkono kupatula pokhoma kamtengo kouma kaja, ndipo kamtengoko ndi kamene kamawongola, pongoima chilili pamalo amodzi tsiku ndi tsiku.

Mwambi wa kuwongola mtengowu tinaupotoza. Timaunena nthawi zambiri chikwapu chili m'manja, kapena mawu atakwera, ngati kuti ukutanthauza kuti mwana ayenera kupindidwa akadali wofewa. Koma anthu amene anaupeka anali alimi, anthu odziwa kuti mmera suukoka kuti utalike. Chimene anaona n'chakuti mtengo waung'ono umatsata chimene chaima pafupi nawo. Ndi mawu omwewa amene tinatengera dzina la maphunziro a ana aang'ono m'dziko muno, tikamati mmera mpoyamba, ngakhale anthu ambiri amangoti sukulu zamkombaphala. Dzina loyambalo limanena za mlimi, lachiwirilo limanena za m'mimba, ndipo onse awiri ndi oona.

Funso la amayi linandibwezera kumudzi, ndipo ndinadabwa kupeza kuti sindikukumbukira tsiku ngakhale limodzi limene munthu anandiuza kuti nditolere zoseweretsa zanga. Sikuti tinalibe. Tinali nazo zambiri, mwina kuposa za mwana wangayu. Kudambo, tikudyetsa ng'ombe zenizeni, tinkaumba zathu zadongo, zanyanga zazitali ndi linunda pamsana, n'kuziyanika pachulu. Tinkazimenyanitsa mpaka ya mnzako ithyoke nyanga. Madzulo tinkazisiya pomwepo, ndipo mvula ikagwa usiku m'mawa tinkapeza matope okhaokha. Palibe ankalira, poti dongo linali lisanathe kudambo. Alongo anga ankabereka zitsononkho ndi kansanza kumsana, n'kuzimwetsa phala la dothi, ndipo ana amenewa akaiwalika panja chiswe chinkamaliza nkhani. Magalasi a mapesi sankatha tsiku. Nthawi ya masanje, chimanga chitalowa m'nkhokwe, tinkamanga timisasa m'munda, kuphika m'mapale ndi m'zitini, ndipo mudzi wathu wonsewo unkatha ndi mphepo, ndi mbuzi, ndi moto wa osaka mbewa. Zoseweretsa zathu zinkachokera m'nthaka n'kubwerera m'nthaka. Zotsalira zake tsache la m'mawa linkapita nazo kudzala limodzi ndi masamba a mango.

Chimodzi chokha ndicho tinkasunga: galimoto yamawaya. Waya ankavuta kupeza, ndipo kupinda galimoto yokhala ndi chiwongolero chachitali, mateyala otembenuka, ndi malo onyamulira katundu kumbuyo, inali ntchito ya masiku angapo ndi zala zotupa. Imeneyo unkaikoleka kutsindwi, kutali ndi mng'ono wako amene akanaikhalira. Palibe anatiphunzitsa. Chinthu chimene chakutupitsa zala suchisiya pamvula.

Malamulo okhwima analipo, koma ankakhudza zinthu za akuluakulu. Ukabwereka chipande cha amayi kupita nacho kumasanje, chinkayenera kubwerera chotsuka, nthawi yoomola nsima isanakwane. Mthiko unkatsomekedwa kudenga la khitchini, pamalo ake omwewo. Chikwakwa kutsindwi, makasu pansi pa nkhokwe, mbale pathandala, machesi pamwamba pa khoma pafupi ndi koloboyi. Ndili mwana ndinkaganiza kuti amayi ndi ovuta. Phazi langa litapola m'pamene ndinamvetsa. M'nyumba yopanda magetsi chinthu umachipeza ndi dzanja, osati ndi diso. Mwana akadwala pakati pa usiku, machesi ayenera kukhala pamene anali dzulo. Njoka ikalowa m'khola la nkhuku, chikwanje sichifunidwa, chimangotengedwa. Dongosolo la m'nyumba ya amayi silinali loti alendo ayamikire. Linali la mdima, ndipo ine ndinali nditaiwala kuti mdima umabwerabe ngakhale ku Blantyre.

Tsono pulasitiki sasungunuka ndi mvula, ndipo chiswe sichimufuna. Tinjerwa tamtundu umenewu tinatchuka ndi kampani ya Lego ya ku Billund m'dziko la Denmark, ndipo kapangidwe kake kamene tikudziwa lero kanakhazikika mu 1958. Kanjerwa kopangidwa nthawi imeneyo kamalumikizikabe ndi kopangidwa chaka chino. Ta mwana wanga ndi tongotengera, togula pa kaunjika ku Limbe, koma nato tidzakhalapo iye atamera ndevu. Zina mwa zidole zake anatumiza ndi azakhali ake ochokera ku Johannesburg, zina anapatsidwa pa tsiku lokumbukira kubadwa kwake, zina sindikudziwa n'komwe kuti zinalowa bwanji m'nyumba muno. Chimene nthaka inkatichitira ife kwaulere, kutola zotsalira za masewera, mwana wa lero ayenera kuchichita ndi manja ake. Ndi ntchito yatsopano, ndipo ife makolo tikuiphunzitsa popanda amene anatiphunzitsa. N'chifukwa chake timayamba ndi kukalipa.

Amayi sanakalipe. Tsiku lomwelo masana anapempha katoni imene tinagulira sopo, anapempha mpeni, ndipo ndi diso limodzi lomwelo anadula khomo kumbali kwake, lotseguka ngati chitseko. Anaiika pakona, pansi, pamene mwana amafikira atakhala. Sananene kanthu mpaka dzuwa litapendeka, nkhuku za aneba zitayamba kulondolana kulowera kukhola kwawo. Apo m'pamene anamuitana mdzukulu wawo ndi dzina limene amamuitana nalo chibadwire.

"Amuna anga, taonani kunja. Nkhuku zikupita kukagona. Nanga ng'ombe zanuzi zigona panja?"

Mnyamatayo anayang'ana nkhuku, n'kuyang'ana agogo ake. Amayi anatola njovu ija n'kuiyendetsa pansi pang'onopang'ono mpaka pakhomo la katoni. "Lowa, lowa. Ugone bwino." Anatola galimoto, n'kuchita chimodzimodzi. Pa chachitatu kadzanja kena kanali katafika kale. Kunena zoona, pa zinthu khumi zilizonse amayi analowetsa zisanu ndi zinayi, iye chimodzi, ndipo pakati pa ntchito anatulutsanso njovu kuti aione ngati yagonadi. Koma chomaliza analowetsa ndi iye, chitseko anatseka ndi iye, ndipo agogo ake anaomba m'manja ngati mmene amaombera mfumu ikamaliza kulankhula. Mawa lake, nthawi yomweyo, nkhuku zomwezo, mawu omwewo.

Ndakhala ndikuganiza chifukwa chimene katoni ya sopo inatheka pamene mawu anga analephera. Choyamba n'chakuti ndinamuuza chinthu chimene kwa iye chilibe mutu. "Pano payere" ndi chithunzi chimene chili m'mutu mwa wamkulu. Kuti chitheke pamafunika kuona balaza lonse nthawi imodzi, kuligawa, kusankha poyambira, ndi kukumbukira cholinga pamene dzanja lagwira galimoto yokongola. Mwana wa zaka ziwiri amamva lamulo la sitepe imodzi kapena ziwiri: tenga galimoto yofiira, ika m'khola. Kupitirira apo mawu amasanduka phokoso, ndipo chimene amamva ndi mkwiyo wokha. Chachiwiri, ndipo ichi chinandichititsa manyazi, n'chakuti ndinkamuuza kuti abwezere zinthu pamalo pamene zinthuzo zinalibe malo. Zidole zake zinkagona paliponse pamene wamkulu wotopa waziponya: lero m'beseni, mawa pamwamba pa firiji, mkuja m'jumbo kuseri kwa chitseko. Mbuzi yopanda khola sungainene kuti yasochera.

Amayi anamupatsa nkhani imene maso ake amaona tsiku lililonse. Dzuwa likamalowa chilichonse chimabwerera kwawo. Nkhuku zimalowa, ana a sukulu abwera kale, adadi amagogoda pageti, mwezi umatuluka. Mwana wa kumudzi wa msinkhu womwewu amatsatira akulu ake pokakusa mbuzi, kamtengo kali m'manja, ndipo asanadziwe kuwerenga amadziwa kale kuti yamawanga sinalowe. Kutolera zidole kunaleka kukhala chilango chobwera masewera akatha. Kunakhala masewera omaliza a tsikulo.

Mzimayi wina wa ku Italy, dokotala Maria Montessori, anaona zofanana ndi zimenezi zaka zoposa 100 zapitazo. Pa 6 Januwale 1907 anatsegula nyumba yosungiramo ana m'dera la San Lorenzo mumzinda wa Roma, dera la anthu osauka, kumene makolo ankapita kuntchito n'kusiya ana akungoyendayenda m'makonde. Poyamba zipangizo zophunzirira zinkasungidwa m'kabati yokhoma, ndipo mphunzitsi ndi amene ankagawa ndi kutolera. Mphunzitsiyo anadandaula kuti ana samvera: akamabwezera zinthu m'kabati, iwo amanyamuka n'kumamutsatira ngakhale awauze kuti akhale pansi. Montessori ataonetsetsa anapeza kuti anawo ankafuna kubwezera okha. Tsiku lina mphunzitsi anaiwala kukhoma kabati, ndipo anapeza ana atatsegula, aliyense atasankha chake. Mphunzitsiyo anaona kuba. Montessori anaona ana amene akudziwa chimene akufuna, ndipo m'malo mwa kabati yokhoma anaika mashelefu aafupi, ofikira mwana, chinthu chilichonse ndi malo ake. Anaphunzitsanso kuti pa zaka zoyambirirazi mwana amakhala ndi njala ya dongosolo, ndipo kholo lililonse limene linaonapo mwana akulira chifukwa wina wamwera m'kapu yake, kapena wakhala pampando wa adadi, likudziwa njala imeneyi. Ife timaitcha matama kapena kuvuta. Lero dzina la mayiyu timaliona pa zikwangwani za sukulu za fizi yokwera m'matauni, koma nzeru yake inabadwira pakati pa ana a amphawi, ndipo katoni ya sopo yoikidwa pansi ndi shelefu yaifupi ndithu.

Pa tsiku lachitatu amayi anachita chinthu chimene ndikanakhala ine ndikanachiopa. Mwana atagona masana, anatenga thumba la ufa lopanda kanthu, n'kuthiramo zidole zoposa theka, n'kundiuza kuti ndiliike pamwamba pa wadirobu. "Izi ndi mbewu," anatero. "Sadyera limodzi." Ndinayembekezera maliro podzuka. Mnyamatayo sanafunse ngakhale chimodzi. Anatenga magalimoto ake atatu ndi njovu n'kusewera nazo nthawi yaitali kuposa kale lonse, njovu ikukwera galimoto, galimoto ikudwala, njovu ikuipititsa kuchipatala kukaonetsa maso. Akale anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada, ndipo pusi wa zaka ziwiri amagwa msanga kuposa wamkulu. Ofufuza a pa yunivesite ya Toledo ku Ohio, m'dziko la America, anayesa zimenezi ndi ana 36 a miyezi 18 mpaka 30, ndipo zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2018. Mwana aliyense anasewera kawiri, ulendo wina ndi zidole 4, ulendo wina ndi zidole 16. Pamene zinali zochepa, ana ankakhalitsa pa chidole chimodzi ndipo ankachiseweretsa m'njira zambiri. Kwa ife phindu lina linaonekera madzulo: ziweto zochepa zimalowa m'khola mwana asanatope. Patatha milungu iwiri tinatsitsa thumba lija, kutulutsa zina n'kubisa zina, ndipo foni yabodza ija anailandira ngati mlendo wochokera kutali. Ine ndekha ndi amene sindinakondwere kuimvanso.

Pali yesero limene ndinatsala pang'ono kugweramo. Tsiku lina atakana kulowetsa ziweto zake, ndinapisa m'thumba n'kutulutsa switi. Mayi ake anandigwira dzanja. "Mukayamba kugula, mudzagula mpaka liti?" Anali ndi mfundo. Ku Leipzig m'dziko la Germany, Felix Warneken ndi Michael Tomasello anaonetsa mu 2006 kuti ana a miyezi 18 amathandiza munthu wamkulu popanda kupemphedwa. Munthu akuyanika zovala, chopanira chikagwa pansi iye n'kumachinyanyamphirira osachifikira, kamwana kamanyamuka n'kukamutolera. Akachiponya dala, kamwanako sikavutika nako. Mu 2008 anthu omwewa anayesa ana a miyezi 20, ndipo anapeza kuti amene ankapatsidwa mphatso akathandiza, pambuyo pake ankathandiza mochepa mphatsoyo ikasowa, kusiyana ndi amene ankangoyamikiridwa kapena osapatsidwa kanthu. Mtima wothandiza mwana amabwera nawo. Amene amalimbirana nawe tsache ukamasesa, amene amafuna kunyamula ndowa yomuposa msinkhu, safuna malipiro. Amafuna kukhala m'gulu la anthu ogwira ntchito. Ndife amene timamuthamangitsa, poti akutichedwetsa, kenako akafika zaka 10 timadabwa kuti ndi waulesi.

Apa ndiyenera kunena za nyumba zathu za m'tauni, ngakhale ena sakondwa. M'nyumba zambiri muli mtsikana wantchito, nthawi zina mwana nayenso, wochokera kumudzi komwe tinachokera ife. Mwana wa bwana amamwaza, iye amatola. Amamwazanso, amatolanso. Palibe amene amanena mawu oipa, koma phunziro limalowa tsiku ndi tsiku mosaphonya, ngati luzi lija: zinthu zikagwa pansi pali munthu wina, wotsika kuposa ine, amene ntchito yake ndi kuwerama. Sindikunena kuti aliyense woponya botolo pawindo la minibasi anakula choncho, kapena kuti mapepala odzaza mumtsinje wa Mudi anayambira pabalaza. Koma dzanja limene limaponya limakhulupirira kuti kwinakwake kuli wotola, ndipo chikhulupiriro chimenechi chimaphunziridwa msanga. Chimodzimodzinso nkhani ya anyamata. Mwana wamkazi wa zaka zinayi timamupatsa kale katsache, pamene mlongo wake tikuti musiyeni, ndi mwamuna ameneyo. Amayi anga, amene sanaphunzire za jenda pa msonkhano uliwonse, anayankha mlendo wina amene ananena zimenezi kuti kumudzi wokusa ziweto ndi mnyamata.

Komabe sindikufuna kuti wina amve ngati ndikutamanda nyumba yoti mbee tsiku lonse, mwana atakhala pampando manja ali pamiyendo. Kusewera ndi kumwaza. Mwana amene akukhuthula katoni yonse pansi sakuchita mwano, akuphunzira kuti chodzaza chimakhala chopanda kanthu, ndipo chopanda kanthu chimadzazidwanso. Masana balaza ndi dambo lake, ziweto zidye momwe zifunira. Khola ndi la madzulo. Ndipo si chilichonse chimene chiyenera kulowa. Tsiku lina anamanga chinthu chachitali ndi tinjerwa take, chopendekeka, chimene anati ndi nyumba ya agogo. Nthawi ya nkhuku itakwana ndinatambasula dzanja kuti ndiigumule tilowetse tinjerwato, ndipo kukuwa kwake kunali kwa munthu amene akumugwetsera nyumba yeniyeni. Amayi anandiletsa. "Nyumba silowa m'khola. Ikani pathebulo, mwini wake akaipeze mawa." Inakhala pathebulo masiku atatu, tikudya moizungulira, mpaka womanga anaigumula yekha. Zimene sitinyengerera ndi tinthu tating'ono tokha. Mwana wa aneba amene akukwawa amabwera kuno, ndipo chilichonse chimene wapeza chimapita kukamwa. Mikanda, mateyala othothoka, makamaka timabatire tobulungira ta m'zidole zoimba, timene tikamezedwa timawotcha kummero m'maola ochepa, izi sizidikira dzuwa kulowa ndipo sizidikira mwana. Amatola ndi wamkulu, nthawi yomweyo.

Amayi anabwerera ku Ntcheu diso litapola, ndipo mlungu woyamba khola linasokonekera. Tsiku lina tinachedwa kutchalitchi, tsiku lina mwana anali ndi chimfine, tsiku lina ine ndinafika nditatopa n'kungokankhira zonse pakona ndi phazi. Pamene tinayambiranso, anakana. Anagona chafufumimba pamkeka n'kunena kuti ng'ombe sizikufuna kugona. Ndinamva mawu akale aja akukwera pakhosi. Koma nditaganiza bwino, amene anasuntha sanali mmera. Kamtengo kochirikiza ndi kamene kanazuka. Ndinakhala pansi, pamkeka pomwepo, ndi thalauza la kuntchito, n'kuyamba kuyendetsa njovu ndekha. Ndinalowetsa zonse kupatula galimoto imodzi, imene ndinaisiya pafupi ndi dzanja lake, osanena kanthu. Inatenga nthawi. Dzedzeredzedzere salingana n'kugweratu. Masiku ena amalowetsa zonse yekha akuimba, masiku ena chimodzi chokha mokakamizika, ndipo ndaphunzira kuti akakhala ndi njala kapena tulo palibe chimene chingatheke, bola kuyamba msanga nsima isanapse. Ndaphunziranso kumuchenjeza nthawi isanakwane, kuti nkhuku zatsala pang'ono kulowa, chifukwa ngakhale wamkulu sakondwa kumulanda khasu pakati pa mzere.

Chovuta kwambiri pa zonsezi si mwana. Kamtengo kochirikiza kayenera kukhala kowongoka, ndipo ine si wowongoka kwenikweni. Makiyi anga amafunidwa m'mawa uliwonse ndi nyumba yonse. Kapu imene ndamwera tiyi imatsala pamene nkhani ya pa wailesi inathera. Akale anali ndi mawu achidule pa zimenezi, make mbuu mwana mbuu, ndipo ngakhale anatchula make, bambo asaganize kuti apulumuka.

Loweruka lapitali, nkhuku zitalowa, mnyamatayo anaima pakhomo la katoni yake, imene tsopano yamatidwa ndi tepi mbali ziwiri, n'kuyamba kuona ziweto zake chimodzichimodzi. Kuwerenga amafika pa zitatu kenako amalumphira pa teni, koma nkhope za ziweto zake amazidziwa. Galimoto yachikasu, yothothoka teyala, panalibe. Tinamuuza kuti tiifuna mawa. Anakana kusamba, anakana nsima. "Ili panja. Ikulira." Magetsi anali atathimanso, choncho tinayatsa tochi ya pafoni, ine ndi iye, n'kuyamba kusaka ngati mmene tinkasakira mbuzi yotsalira kuphiri: pansi pa mipando, kuseri kwa firiji, m'beseni, pakhonde. Tinaipeza pakati penipeni pa khomo lolowera, itabisala m'kati mwa nsapato yanga ya kuntchito. Inzake ya nsapatoyo inali chagada cha uko, pafupi ndi thebulo, pamene inagwera nditaivula dzulo lake.

Anaitulutsa galimotoyo, anaipukuta pamalaya ake, n'kukailowetsa. Anatseka chitseko cha katoni. Kenako anabwerera pakhomo paja, anaima, n'kuloza pansi.

"Adadi, nsapato zigona panja?"

Mayi ake anali chiimire pakhomo la khitchini ndi chipande m'manja, akudikira kuti amve yankho. Ndinapatsira mwana foni kuti andiunikire, n'kuwerama.